Chitoliro Chimene Anachigawa Patatu

Nkhaniyi ndinayamba kuimva pampopi, ndipo za pampopi mukuzidziwa, madzi pang'ono thovu lambiri. Akuti chitoliro cha malemu a Mulipa chinkalira chokha, ndipo osati m'nyumba imodzi, koma m'nyumba zitatu nthawi imodzi. Ine ndinaseka mpaka ndowa kusefukira. Komabe pobwerera ndinazungulira njira yakumsika, yotalika ija, kuti ndisadutse pakhomo pa namfedwa. Ndiye musandifunse ngati ndinakhulupirira. Mutu unakana, koma miyendo inali itavomera kale.

A Wedisoni Mulipa anali aneba athu kuno ku Chinamwali. Mpanda wathu ndi umodzi, waudzu, woti munthu akayetsemula uko ife timamva kuno. Ali mnyamata anapita kumigodi ku Joni, ndipo anabwerako ndi jekete, chifuwa chosatha, ndi kabokosi kakuda kokhala ndi chitoliro. Tonse tinkawatcha a Bandi, chifukwa ankati kumigodiko ankaimba m'gulu la oimba, anthu n'kumavina mpaka nsapato kung'ambika. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankakhala pakhonde, kutsegula kabokosi kaja, n'kumapukuta zidutswa za chitolirocho ndi kansalu. Koma tamverani. Zaka zonse ndakhala nawo pafupi, sindinawamvepo akuchiliza. Ukawapempha ankati chifuwa. Ukawapemphanso ankati kabango koimbira kanatha ndipo kuno sikapezeka.

Akazi awo, a Esinati, ndi mayi wamtali, wosalankhulalankhula. Ana sanakhale nawo. Amuna awo akangotsegula kabokosi kaja, iwo ankanyamula lichero n'kupita kuseri kukasankha nyemba, ngakhale nyemba zosankhasankha kale. Ine ndinkati ndi nsanje, poti amuna ena amasisita chuma chawo kuposa mkazi. Achikulire ochokera kwawo ku Phalombe ankanong'ona kuti a Esinati ali mtsikana anali pachibwenzi ndi mnyamata wina, Layisoni, amene anapita ku Joni ulendo umodzi ndi a Mulipa n'kufera komweko. Amene anabweretsa uthenga wa imfayo anali a Mulipa omwewo. Anabwera kudzapepesa, anapepesa, anapepesabe, mpaka ankhoswe anakumana.

A Mulipa anamwalira m'nyengo ya chiperoni. Pamaliro a Esinati sanalire. Anangokhala pamphasa, manja pamiyendo, ngati munthu wodikira basi imene akudziwa kuti yadutsa kale. Amayi a mvano anayesa nyimbo zonse zogwetsa misozi, koma ayi ndithu. Anthu anaona, ndipo anasunga.

Tsiku losesa, abale anakhala pansi kugawana katundu wa malemu. Eni nkhani anali awiri: mng'ono wa malemu, a Fulaye, ndi mlongo wawo a Dunika, amene amagulitsa mafuta ophikira pamsika. Katundu sanali wambiri, ndipo mwambo wake mukuudziwa, wachibale aliyense achoke ndi kanthu, pasapezeke wodandaula. Atafika pa kabokosi kaja anapeza chitoliro chili zidutswazidutswa, chilichonse chagona m'kadzenje kake. Wina anati basi, malemu atifewetsera ntchito, anagawa okha. Anauza namfedwa kuti ayambe kusankha. A Esinati anadumpha wailesi, anadumpha bulangete latsopano, n'kuloza chidutswa chapakati, chachifupi, pamodzi ndi kamphete kake kamtengo. A Fulaye anatenga chachitali, cha tizitsulo tambiri, nakachipachika pakhoma pafupi ndi kalendala. A Dunika anatenga chakumapeto, chotambalala kukamwa, akuti chikhala fanulo yothirira mafuta m'mabotolo. Kadzenje kamodzi m'bokosimo kanali kopanda kanthu, koma tsiku limenelo palibe anasamala.

Za nyumba anati adzakamba tsiku losudzula namfedwa. Koma tonse tinaona mmene a Fulaye ankayang'anira zipinda, ngati munthu woyesa nsalu. Ankafuna kuikamo ana a sukulu alendi. Chimene ankasowa chinali chifukwa chabwino chothamangitsira alamu awo.

Sipanapite nthawi, akazi a Fulaye anayamba kudandaula kuti pakhoma pamamveka tizitsulo tikugunda, tepu, tepu-tepu, tepu. Anayamba kuganiza mbewa, kenako nalimata. Anachotsa kalendala, anasesa, anathira mankhwala. Kugundako sikunasiye, ndipo kunali ndi dongosolo lake, kupita, kuima, kubwereza pomwe paja, ngati zala za munthu amene akukumbutsa nyimbo.

Kwa a Dunika fanulo ija inayamba kung'ung'udza. Mawu apansipansi, ngati mphepo ikamadutsa pakamwa pa botolo, koma mazenera ali chitsekere. Makasitomala anayamba kubweza mafuta, akuti akununkha m'kamwa mwa munthu wosuta. A Dunika ankakalipa kuti ndi kaduka ka amalonda anzawo, koma ankakalipa maso ali kwina.

Za kwa a Esinati sindinachite kuuzidwa. Ine ndimadzuka m'bandakucha kukoleza moto wa mandasi, ndipo tsiku lina ndili chiweramire pambaula ndinamva kupuma kuseri kwa mpanda. Sikunali kuliza mkonono, sikunali kubuula. Kunali kukoka mpweya wautali, n'kuutulutsa pang'onopang'ono, mosamala, ngati munthu wouzira phala la mwana. Ndinaitana kuti, “Mayi Mulipa, mwadzuka bwanji?” Anandiyankha ali kubafa, mbali ina ya bwalo. Kupumako kunapitirira m'nyumba.

Sindinakuwe. Anthu amaganiza kuti zoterezi zikakuchitikira umathawa. Ayi. Umangopitiriza kukanda ufa, manja akugwira ntchito okha, iwe mwini uli kutali. Mandasi a tsiku limenelo ndinaiwala shuga, ndipo palibe kasitomala anadandaula, poti dera lonse linali litayamba kukhala choncho. Anthu ankapatsana moni motsitsa mawu. Ana anasiya kusewera mpira chakumadzulo popanda wowaletsa.

Nthawi yomweyo kunayamba kuoneka mlendo pamsewu. Oyamba kukumana naye anali amayi ochokera kuchigayo dzuwa litapendeka. Akuti mnyamata waulemu, wa buluku lotambalala kumiyendo la makedzana, chipewa kumutu, dzanja lamanzere m'thumba. Kunja kunali matope a chiperoni koma nsapato zake zinali mbee. Anawapatsa moni bwinobwino, n'kufunsa kuti, “Pepani amayi, katundu ndinatumiza uja anafika?”

Amayiwo anamuuza kuti akafunse kudepoti. Iye anathokoza n'kupitiriza. Atafika kunyumba anayamba kutsutsana, wina akuti anali wamtali, wina wamfupi, wina woyera, wina wakuda. Nkhope palibe anaikumbukira. Pambuyo pake anafunsanso wogulitsa makala, anafunsa wa kabaza, anafunsa ngakhale abusa. Funso lomwelo, ulemu womwewo. Agalu sankamuuwa. Ankangogona pansi n'kuika mitu pamiyendo.

Mwina zikanathera pomwepo, kuzolowera ngati mmene tinazolowerera kuthima kwa magetsi. Koma tsiku lina mphunzitsi wa kwaya wa mpingo wina anapita kukagula mafuta kwa a Dunika, n'kuona chidindo chosemedwa pa fanulo ija. Anagwira kumutu. Anati zinthu ngati zimenezi kunja anthu amazilimbirana, mwina mtengo wake ungagule minibasi. Mawu amenewa anafika kwa a Fulaye dzuwa lisanalowe, ndipo mantha awo onse anathera pomwepo. Anafunsafunsa mpaka anapeza bambo wina wa ku Limbe, a Saukila, amene amakonza zida za mabandi ndiponso amagulira zinthu zakale anthu akunja.

Anabwera masana dzuwa lili pamutu. Zidutswa zonse anazisonkhanitsa pakhonde pa a Esinati. Ine ndinapita kukabwereketsa mipando, ndipo poti mipandoyo ndi yanga, ndinakhalira umodzi.

A Saukila anali bambo waudongo, wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anayala nsalu yoyera patebulo. Ataona fanulo ya a Dunika ikuchucha mafuta anatseka maso kanthawi, ngati munthu amene wapondedwa chala m'tchalitchi. Anaipukuta, natulutsa galasi lokulitsa zinthu.

Anatiuza kuti dzina lake lenileni ndi kilarineti. Anati mtengo wake ndi phingo, lomwe lija osema ziboliboli amagwiritsa ntchito, loti linachoka kuno ngati chipika n'kubwerera likuimba. Anatisonyeza chidindo pa chidutswa chilichonse, chofanana ponseponse, nati zimenezi zikutanthauza kuti zonse zinabadwa pamodzi, kwa mmisiri mmodzi wa ku Falansa, nkhondo yoyamba ya azungu isanayambe. Anatisonyezanso ulusi wokulungidwa polumikizira, ndi kuchepa kwa tizitsulo take poyerekeza ndi zamasiku ano. A Fulaye ankangogwedeza mutu, milomo ikuyenda, minibasi itayamba kale kunyamula anthu m'mutu mwawo.

Kenako a Saukila anati mawu a chitoliro chotere ndi okwera pang'ono kuposa zida za lero, moti sichingaimbe ndi bandi ina iliyonse. Chili ngati mkulu wampingo amene amaimba nyimbo yakale mwa iye yekha, ena onse ali kwina. Ogula zoterezi ndi ongosunga m'kabati yagalasi. Za minibasi anati tiiwale. Chikanakhala chathunthu, ndi mlomo wake wamtengo wokhala ndi chidindo chomwecho, chikanatha kufolera nyumba ndi malata. Popanda mlomowo, mwina mbuzi, ndipo osati yabere.

Analoza kadzenje kopanda kanthu kaja. “Mlomo wake uli kuti?”

Maso onse anapita kwa a Esinati. Iwo ankayang'ana kumsewu.

A Saukila anatola chidutswa chimene a Esinati anasankha chija, nachitembenuza. Anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, anachiyandikizanso. Kenako anafunsa ngati munthu wofunsa za nyengo: “Malemuwa chala chawo chakumanzere, ichi chotsatana ndi chaching'ono, chinadukira pati?”

A Fulaye anaseka. Anati achimwene awo anali ndi zala zonse, ndipo anapita nazo kumanda zonse.

“Ndiye sichinali chawo,” anatero a Saukila.

Anatiitana kuti tione. Pa bowo lina, loyenera kutsekedwa ndi chala chimenecho, panali kachitsulo kowonjezera, kosiyana ndi tinzake. Anati ameneyu si mmisiri wa ku Falansa, ndi munthu wina waluso amene anadula chigwiriro cha supuni n'kuchiwotcherera pamenepo kuti chala chachifupi chizifikira. Kaluwa ka pasupunipo kankaonekabe. Ndipo pakati pake panali patakumbika, posalala, kusonyeza kuti mwini wake anaimba kwambiri. Munthu wa chala chathunthu, anatero, kachitsulo kameneka kangamusokoneze, sangatulutse nyimbo yomveka ngakhale atayesa zaka.

Apa ndinakumbukira Malamulungu onse aja a kupukuta popanda kuliza. Ndinayang'ana a Dunika. Anali atagwira mpango wawo pakamwa ngati akutsokomola, koma chifuwa sichinkamveka.

Chomaliza, a Saukila anatenga kansalu komangirira ku chingwe kuti aone ngati m'kati muli ming'alu. Anakadutsitsa m'chidutswa cha a Fulaye. Kanatuluka konyowa. Anatenga kena, nakadutsitsa m'cha a Esinati. Konyowanso. Ananunkhiza, anakhudza ndi chala, nati amenewa si mafuta, ndi thukuta la mpweya, limene limatsala m'chitoliro munthu akangomaliza kuimba.

“Waliza ndani m'mawa uno?”

Akazi a Fulaye ananong'ona kuti chawocho chachoka pakhoma lero lomwe, ndipo pakhomapo mpoyera, pouma.

“Thukutali n'lofunda,” anatero a Saukila, osauza munthu aliyense.

Analumikiza zidutswazo kuti aone kutalika kwake, nachigwira mmene amagwirira oimba, zala pamabowo. Sindikudziwa chimene anamva. Ndinangoona akuchiika pansalu msangamsanga, n'kuyang'ana dzanja lawo lamanzere, kulitembenuza uku ndi uku. Kenako analongedza galasi lawo. Tiyi anakana. Ya thiransipoti imene a Fulaye anawalonjeza anakananso. Anati sagula, ndipo sadziwa munthu amene angamutumize kuno.

Ndinawaperekeza mpaka pachipata, poti ulemu ndi wofunika. Ali pomwepo anandifunsa ngati mnyamata wachipewa amene anawalozera nyumbayi pasiteji ndi wachibale. Ndinati bwanji. Anati ayi, kungoti anawafunsa za katundu wina amene anatumiza. Atatero anayenda osacheuka, nsalu yawo yoyera ija n'kuiiwala.

A Fulaye za chala sanazimve n'komwe, za thukuta sanazimve. Chimene anamva ndi malata. Anaimirira pabwalo n'kunena kuti nkhani yaonekeratu: alamu awo anabisa mlomowo kuti adzagulitse okha, ndipo ndi iwo amene akuchita zamatsenga kuti abale aope n'kubweza zidutswa. Kodi si omwewa sanagwetse msozi pamaliro? Analowa m'nyumba ndi akazi awo, anagudubuza matiresi, anakhuthula ufa, anafukula ngakhale pansi pa mbaula. A Esinati anaima pakhomo manja ali kumbuyo, ngati akuonerera nyumba ya eni. Osapeza kanthu, a Fulaye anagamula kuti tsiku losudzula likafika mlomowo usanaoneke, a Esinati anyamule mphasa yawo azipita ku Phalombe. Tonse tinkadziwa kuti ku Phalombeko kulibenso wawo, kunatsala manda okhaokha.

A Dunika anavomereza ndi mutu. Koma chodabwitsa, pochoka palibe anafuna kunyamula chidutswa chake. A Fulaye anati zitsale pomwepo ngati umboni. A Dunika anati agula fanulo yapulasitiki.

Kuyambira tsiku limenelo, zimene zinkamveka m'nyumba zitatu zinayamba kumveka m'nyumba imodzi, kuseri kwa mpanda wanga. Kupuma kuja, tizitsulo tija, kung'ung'udza kuja, zonse pamodzi. Inali nyimbo, koma yopanda mawu ake, ngati munthu woimba atatsekedwa pakamwa. Unkatha kuitsatira mpaka penapake, n'kuyembekeza kuti tsopano ituluka, koma osatuluka. Amuna anga, amene samva ngakhale ndikuwaitana kudzadya, anayamba kugona ndi wailesi yotsegula.

Ndipo okhala kufupi ndi manda anabwera ndi yawo. Akuti kumeneko, nthawi yomweyomweyo, kumamveka kulira kwina, kwiii, ngati bakha wopondedwa. Kuima, kuyesanso, kwiii. Wogulitsa makala anati zikumveka ngati munthu amene akuphunzira chinthu chimene sadzachitha. Tinaseka pang'ono, kuseka kouma, kenako aliyense anayang'ana ndowa yake.

A Esinati ankasesa pabwalo m'mawa uliwonse ngati kale. Ndinawafunsa ngati akugona. Anati akugona. Ndinawafunsa ngati sakuopa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati ndili ndi machesi. Tsiku lina ndinawaona akumanga ziwiya zawo m'chitenje, kukonzekera ulendo, mosafulumira, mosadandaula.

Amene anayamba kufota anali a Dunika. Anzawo apamsika anandiuza kuti mnyamata wachipewa uja anafika pabenchi lawo masanasana, msika uli wodzaza. Anawapatsa moni, nafunsa funso lake lija. A Dunika anati sakudziwa za katundu aliyense. Ndiye mnyamatayo, akuti, anatulutsa dzanja lamanzere m'thumba, n'kuliika pabenchi pakati pa mabotolo. Anzawowo sanaone bwino, poti aliyense panthawiyo anapezeka akuyang'ana kwina. Koma a Dunika anaona. Anatseka benchi dzuwa likadali pamutu, ndipo sanabwerenso pamsika.

Kutatsala tsiku limodzi kuti asudzule, chakumadzulo, ndinaona a Dunika akulowa pachipata cha alamu awo. Anali ataonda, chitenje chikuzungulira kawiri. Ine ndinakumbukira kuti ndili ndi zovala pachingwe kufupi ndi mpanda. Zinali zitauma kuyambira dzulo lake, koma zovala zimafuna kuanula mosamala.

A Dunika anakana mpando, anakhala pansi penipeni. Anayamba ndi zozungulira, za matenda a malemu, za mmene ankawadikirira kuchipatala a Esinati akapita kukaphika. Kenako anati tsiku lina achimwene awo anawagwira dzanja n'kuwauza kuti pochoka ku Joni paja, Layisoni anali asanafe. Anali m'chipatala cha pamgodi, mwala utamuphwanya m'chiuno, koma ali moyo, akulankhula. Ndiye anapereka kabokosi kaja kwa mnzake amene ankabwerera kumudzi.

“Layisoni anati, kapatse Esinati, ndi chikole changa, andidikire ndikachira ndibwera. Achimwene anafika kumudzi n'kunena kuti wafa. Anadzafadi, koma patapita nthawi, akudikira yankho lanu.”

Nkhuku zinali zitalowa kale.

A Dunika anapitiriza kuti malemu anawapempha chinthu chimodzi: atenge mlomo wa chitolirocho, ausokerere m'thumba la jekete limene adzawaveke, kuti pasadzapezeke munthu wochiliza a Esinati akumva. Ndipo iwo anachitadi, usiku wa maliro, posita zovala za malemu. Mlomo umene a Fulaye ankagudubuzira matiresi unali kumanda, pachifuwa pa a Mulipa.

“Alamu, sitinagawane katundu wa malemu. Tinagawana chikole chanu. Ine mpaka ndinathiriramo mafuta.”

Ndinadikira kuti ndimve kulira, kapena mbama. A Esinati anangofunsa kuti, “Mwadya?”

A Dunika ndi amene analira.

M'mawa mwake abale atasonkhana, a Dunika anabwereza zonse pamaso pa ankhoswe, osasiya kanthu. A Fulaye anayamba kunena kuti ndiye bwanji osakafukula, jekete lokhalo basi, koma mmene anthu anawayang'anira anakhala pansi mawu asanathe. Ankhoswe anati chikole ndi cha mkazi amene anatumiziridwa, sichilowa m'chuma cha malemu, ndipo banja limene lasunga chikole cha mwini zaka zonsezi, n'kumunamiziranso kuba, lilibe pakamwa pothamangitsira munthu. Nyumba inatsala ndi a Esinati. A Fulaye anachoka osatsanzika, ndipo mpaka lero akadutsa pamsewu wathu amayang'ana mbali ya kwa ine, ngati kuti ine ndiye wabwino.

Pampopi nkhani imathera pamenepa. Amati a Dunika anaulula kwa alamu awo, basi. Koma iwo sakhala kuseri kwa mpanda umenewu.

Madzulo a tsiku lomwelo, anthu onse atabalalika, a Esinati anamasula chitenje cha ziwiya chija n'kubwezera chilichonse pamalo pake. Kenako anatulutsa mpando pakhonde. Ndinawaona akulumikiza zidutswa zija, osalakwitsa ngakhale chimodzi, ngati munthu amene anaonerera kwa zaka zambiri akunamizira kusankha nyemba. Anachigoneka pamiyendo, chopanda mlomo chomwecho, n'kuyang'ana kumsewu.

Dzuwa linali litangolowa. Galu wathu, amene ankakanda pakhomo kufuna chakudya, anasiya, nagona pansi, mutu pamiyendo. Ndinamva chipata cha a Esinati chikutseguka. Mapazi sindinawamve.

Pa mpanda wathu pali kabowo kamene ndakhala ndikukagwiritsa ntchito kuyambira ndili mtsikana wongokwatiwa kumene. Tsiku limenelo ndinakayang'ana kabowoko, n'kukhala pansi, msana kumpanda.

Mawu anali a mnyamata, aulemu, apansipansi. “Pepani amayi, katundu ndinatumiza uja anafika?”

Kenako a Esinati anayankha ndi mawu awo a masiku onse, omwe aja opemphera machesi.

“Anafika, Layisoni. Anafika kalekale. Ndinamuona sabata yomwe ndinalowa m'banja. Supuni ija inali ya amayi anga, ndinakuikira ndine m'kathumba tsiku unkanyamuka. Nditaona kaluwa kaja ndinadziwa kuti chitoliro n'chako, ndipo ndinadziwa kuti wonama pa chitoliro wanamanso pa zina.”

Kenako anawonjezera kuti:

“Wedisoni sindinamufunse. Ndinali nditatopa kudikira.”

Ndinangomva chipata chikutsekedwa pang'onopang'ono, mpaka kachingwe kake kukolekedwa, mmene amatsekera munthu woleredwa bwino akamachoka pakhomo pa eni.